Liwu la pa Tsamba Loyamba

Phunziro linaima pa liwu lomwe lija la dzulo. Mayi Beatrice Miti ndi Chishimba anakhala moyandikana pa tebulo, buku la giredi yoyamba lili pakati pawo, chala cha Chishimba chili pansi pa liwulo. Kuseri kwa zitsulo za pazenera kunali mpanda wa njerwa, pamwamba pake waya wamagetsi. Nyumbayi inali ya Deborah, mwana wa Mayi Miti, ku Woodlands, ndipo chisamukireni kuno mayiwo anali asanatulukepo okha pageti.

Moyo wawo wonse unathera m'kalasi. Anayamba kuphunzitsa ku Kabwata ali mtsikana, anapuma ntchito imvi zili mbuu. Aphunzitsi anzawo ankakonda ana a kutsogolo, okweza manja msanga. Iwo ankatola a kumbuyo, aja amene aliyense anawagwera mphwayi, n'kutsala nawo masana anzawo ataweruka. Ngakhale atapuma sanaleke. Makolo a ku Libala ndi ku Chelstone ankawalondola mpaka pakhomo, ana ali kumanja.

Njira yawo inali yodziwika. Sankakhala kutsogolo kwa wophunzira koma pambali pake. Cholembera chofiira sankachigwira. Lamulo lawo lalikulu linali lakuti munthu akakanika liwu, usamuuze. Udikire mpaka alipeze yekha, chifukwa ukamuuza wamulanda.

Chishimba anafika kwa iwo osatha kuwerenga ngakhale dzina lake. Bambo ake anamukankhira m'nyumba n'kunena kuti mutu wa mwanayu ndi mwala. Ankalira akangoona buku. Mayi Miti sanamutaye.

Koma lero kudikirako kunkawawa. Fani inkangozunguliza mpweya wotentha wa mu Okutobala. Liwulo Mayi Miti ankalidziwa bwino, analiphunzitsa kwa ana osawerengeka. Linali pompo, lakuda bii pa pepala loyera, koma nthawi inkapita osamveka m'chipindamo. Anamva mkwiyo ukukwera pachifuwa, mkwiyo umene sanaumvepo m'kalasi zaka zonsezo. Anafuna kukankha bukulo ligwe pansi. Anafuna kuimirira, kutsegula geti, kukwera basi ya ku City Market n'kukasowa m'chigulu cha anthu.

Deborah anasuzumira m'chipindamo.

"Mami, mwalema," anatero. "Malesoni aya muasiye chabe. Adokotala anakamba kuti muzipumula."

Mayi Miti sanamuyang'ane. Ankadziwa chimene chingatsale maphunzirowa akatha: mpando wa pakhonde, wailesi yakanema, ndi anthu owalankhula mokweza ngati ndi khanda. Anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Ba Deborah, tipatseniko ka nthawi," anatero Chishimba mwaulemu. Deborah anausa moyo n'kubwerera kukhitchini. Chishimba anasendera pafupi. "Ba Madamu, tiyesekonso futi. Palibe kuthamanga."

Thukuta linatsika m'khosi mwa Mayi Miti. Milomo ya Chishimba inali yolumana, ndipo chala chake sanachisunthe pa malo ake. Panja galu wa aneba anauwa mpaka kutopa yekha.

Kenako m'chipindamo munamveka mawu, olemera, opindika, otuluka ngati akukokedwa pansi pa chitsime.

"Chi... tse... chitseko."

Deborah anabwera akuthamanga, mpeni wa anyezi uli m'manja. Chishimba anaphimba nkhope ndi manja onse awiri, mapewa ake akugwedezeka.

Anali mayi wa ana awiri tsopano Chishimbayo, mphunzitsi wa sekondale ku Chelstone, ndipo masana aliwonse akaweruka ankabwera kuno. Limeneli linali liwu loyamba limene Mayi Miti anawerenga chiwagwireni sitiroko.