Mikwingwirima ya pa mkono wa Priska

Nkhaniyi ndinaimva zaka zija ndinkazungulira misika ya ku Chikwawa pa njinga, miyendo ikadali yanga. Akuti ndi yoona.

Panali mayi wina ku Makhuwira, dzina lake Priska. Anamuchotsa bere ku Blantyre chifukwa cha khansa, ndipo anachira. Koma mkono wa mbali imeneyo unakhala wotupa zaka khumi, mpaka anthu anauzolowera. Namwino anali atamuuza kuti, "Mukadzaona chachilendo pa mkonowu, mudzabwere sabata yomweyo."

Tsiku lina mlongo wake Fanizo anabwera kuchokera ku Makhanga. Priska akupeta mapira, Fanizo anaona zigamba zakuda pa mkono uja, ngati mikwingwirima.

"Achemwali, alamu akukumenyani?"

"Ayi, zangotuluka zokha. Sizipwetekanso."

"Zokha? Ndiye kuti nkhuninso zimadziwaza zokha."

Mwamuna wa Priska, Tomasi, wodula nzimbe, anaweruka n'kupeza mlandu pakhomo.

"Alamu, zaka zonsezi ndimamutungira madzi munthuyu, ndimumenye lero? Tipite naye kuchipatala, anatiuza kale."

"Mukabise umboni? Ankhoswe aone kaye."

Fanizo anali mwinimbumba, mawu ake sabwezedwa. Anamutenga mlongo wake n'kupita naye ku Makhanga. Anapangana kuti ankhoswe akumane Loweruka. Loweruka loyamba nkhoswe ina inadwala. Lotsatira kunagwa maliro. Kenako madzi anasefukira, msewu unaduka. Priska ankangothowa mkono ndi madzi otentha, koma zigamba zija zinasanduka zotupa, kenako zilonda.

M'mawa wina Fanizo anaona chigamba chatsopano pachigongono. Tomasi anali kutsidya kwa madziwo miyezi inayi, sanapondeko phazi. Apa m'pamene Fanizo anazindikira kuti sikunali kumenyedwa.

Anamukweza Priska boti, kuchipatala anawatumiza ku Blantyre. Dokotala anati, "Iyi ndi khansa ya mitsempha ya magazi. Siichitikachitika, koma imayambira pa mkono umene wakhala wotupa zaka zambiri. Yafika kale m'mapapo. Munali kuti?"



Priska sanakololenso mapira chaka chimenecho. Pa maliro ake, Tomasi anamupatsa Fanizo moni ndi manja awiri, n'kufunsa motsitsa mawu, "Alamu, mlandu uja tikamba liti?"

Phunziro: Mlandu umadikira, matenda sadikira. Ngati m'bale wanu anachira khansa koma mkono kapena mwendo unakhala wotupa, banga lililonse latsopano alione adokotala kaye, ankhoswe pambuyo. Musaisunge nkhaniyi mufoni mwanu, itumizeni kwa abale.