Mwendo wa Bambo Pachipata cha Madzi Otentha

"Adya nkhumba lero awa?" anafunsa Mayi Baovola, osunga kasupe wa madzi otentha, atatchinga chipata ndi mkono.

Ndinali wefuwefu. Ndinabwera ndikuwakoka bambo anga pangolo yomwe ankanyamulira alendo muno mu Antsirabe. Phazi lawo linali litada bii, ndipo kuchipatala anati mawa adula mwendowo. Chiyembekezo changa chinali pa madzi amenewa, omwe anthu amati amachiza.

"Sanadye," ndinatero.

"Fenitra, mwana wanga," anatero bambo, "si unandiphikira wekha m'mawa kuti ndipeze mphamvu?"

"Khalani chete, Bambo!"

Azungu awiri anatuluka akuseka, matawulo ali m'khosi.

"Nanga awa mwawanunkhiza m'kamwa?" ndinafunsa. "Kuhotela amadya soseji tsiku lililonse!"

"Awo mizimu ya makolo awo siili m'madzi muno," anayankha mayiwo. "Yanu ilimo. Wodya nkhumba salowa. Mubwere mkuja."

"Mkuja adzaviika mwendo uti?"

Ndinawanyamula bambo ngati khanda, n'kukankha chipatacho ndi phewa. Nthunzi inatiwomba kumaso. Madzi anali pomwepo, akuwira.

Bambo anakakamira chitsulo cha chipata ndi manja onse awiri. Ndinakoka, ndikulira, koma zala zawo sizinamasuke.

"Nditsitse, mwanawe," anatero. "Ine sindilowa."