Masipika Ochokera ku Joni

Redson anali ataima ku Mozambique, khutu atatchera ku Malawi. Pa Lizulu zimenezi sizodabwitsa: ukangodumpha msewu, wasintha dziko. Tsidya linalo, m'kashopu kake kotchajiramo mafoni, masipika awiri ofika m'chiuno ankagunda mwamphamvu. M'kati momwemo munali Lufina.

Masipikawo anachokera ku Joni. Anawatumiza ndi Gibson, mlongo wake wa Lufina, kuti bambo awo agulitse, ndipo Redson anawagula tsiku lomwe anatsitsidwa m'basi. Kenako anawayatsa. Ankalira ngati munthu woimba atafunda bulangete kumutu.

Madzulo omwewo anaimbira foni Gibson.

"Usatsegule!" anakuwa Gibson. "Sipika yatsopano ili ngati nthochi, mphwanga, imafuna nthawi. Iziimba tsiku lililonse mpaka ipse. Ugulenso chingwe chonenepa, cha mitu yagolide. Ndimuuza Lufina azibwera kudzakuonera."

Pa zonsezo, Redson anamvetsetsa mawu omalizawo. Lufina! Mtsikana wogulitsa kachewere m'mphepete mwa msewu, wa kampata kumano, amene akaseka madalaivala a malole ankaiwala kunenerera mtengo. Redson anali atamukonda chamumtima kuyambira dzinja lathali, koma akakumana naye, pakamwa pankangotuluka zofunsa ngati foni yake ili ndi moto.

Chingwe anakachigula ku boma, chonenepa ngati chomangira ng'ombe. Anzake a pa bawo anamuseka mpaka misozi.

"Sipika si nthochi, iwe! Mawa akuuza kuti uiikire feteleza."

Koma Redson anali ndi umboni wake.

Lufina ankabwera masana aliwonse, dengu lovundikira chitenje lili pamutu. Ankalitula kuseri kwa masipika, n'kupukuta manja, n'kupendeketsa mutu ngati katswiri.

"A Redi, sipika saiweruzira pafupi. Pitani tsidya mukamvere. Musabwere mpaka ndikukodoleni."

Redson ankapita mothamanga. Ankaima pakati pa milu ya kabichi ya amayi a ku Mozambique, maso atatsinzina, ndipo zodabwitsa zinkachitika iye akumva. Tsiku lina gitala anatulukira poyera. Lina, mawu a woimba anayera ngati wachira chimfine. Kenako besi, amene poyamba ankangong'ung'udza, anayamba kugwedeza mabotolo a m'golosale yoyandikana naye. Anzake a pa bawo aja anasiya kuseka. Mmodzi anabwera mozemba kudzafunsa kumene chingwe chimagulidwa.

Koma Redson ankadziwa kuti chikupsa si sipika yokha. Mtsikana angasiye kachewere wake m'manja mwa mnzake, nthawi imene mabasi akuima, chifukwa cha sipika? Nanga bwanji akamamukodola ankakhala akupuma mofulumira, maso akuthawathawa, kamwetulira kobisa chinthu kali pakamwa? Nanga bwanji anamupempha kuti aziika nyimbo zachikondi zokhazokha, kuti ndizo zimafewetsa sipika msanga? Redson anayamba kupesa tsitsi kawiri patsiku. Anabweza chenje chopitirira kwa anthu angapo. M'maloto ake, ukwati unali utachitika kale, ana atabadwa, woyamba atam'patsa dzina loti Mfundo.

Anadzilonjeza chinthu chimodzi: tsiku limene masipika adzapse, adzamufunsira.

Tsikulo linali la msika. Lufina anafika atavala bulauzi yachikasu, akuimba chamumtima.

"Ndikuona ngati lero zitheka, a Redi."

"Inenso ndikuona choncho," anatero Redson.

Anawoloka. Anaima pa malo ake, pakati pa kabichi. Nyimbo inayamba bwino ngati dzulo. Kenako, mwadzidzidzi, china chake chinamasuka. Besi anamumenya pachifuwa. Ng'oma iliyonse inamveka payokha, woimba anakhala ngati waima pakhomo pa shopu. Mayi wina wogulitsa tomato anadzuka n'kumanga chitenje m'chiuno. Mnyamata wa kabaza anaimika njinga pakati pa njira, wokwera ali pomwepo, n'kuyamba kuthyola dansi.

"Apsa!" anakuwa Redson, manja ali m'mwamba. "Apsa, anthuni!"

Sanadikire kukodoledwa. Analumpha mulu wa anyezi, anazemba lole imene inamuimbira hutala motukwana, anabwerera ku Malawi mtima ukugunda kuposa besi. Mawu onse anali okonzeka pa lilime. Ayamba ndi kampata kumano, atsiriza ndi malume ake a ku Kasinje amene angathe kubwera kudzaonekera ngakhale Loweruka lomweli.

Analowa m'shopu. Lufina anali atagwada kuseri kwa sipika, thabwa lakumbuyo lili pansi, akusolola nsalu yoyera, yopyapyala, yaitali osatha.

"Musakwiye, a Redi," anatero akuipindira m'dengu. "Achimwene anabisamo katundu wa ukwati wanga kuopa msonkho wa pachipata, bambo n'kufulumira kugulitsa osadziwa. Veloyi ndiye yomaliza. Mudzatiimbira inuyo, eti? Masipika anu apsatu!"