Mitu Khumi, Miyendo 28

Funso la pa bolodi linagwetsa kalasi yonse: m'khola muli nkhuku ndi mbuzi, mitu khumi, miyendo 28, mbuzi n'zingati? Anakhoza ndi Mchira yekha, mtsikana wotsekera mayeso onse a masamu.

Aphunzitsi anaona kuti wafumbata dzanja. Akapezamo zobera, mtsikanayo sabweranso popanda kholo.

"Wakuuza ndani, iwe?"

"Palibe, aphunzitsi."

"Tambasula dzanjalo."

Pachikhatho anali atajambulapo timitu khumi. Tinayi tinali ndi miyendo inayi, tinato iwiri.

"Ndinayamba ndagawira aliyense iwiri," anatero Mchira. "Yotsalayo ndinapatsa mbuzi."

Aphunzitsi anawerenga miyendoyo kawiri, kufuna pomugwirira. Kenaka anatseka cholembera chofiira, namupatsa choko.

"Kagawenso pa bolodi, anzakowa aone."