Chibangili cha Mwatitha

Kwathu mwana aliyense amavala chibangili chomvera mtima. Chikakhala chobiriwira palibe nkhani. Chikafiira, alangizi a zaumoyo amaona pa foni yawo, n'kudzamutenga mwanayo kuti akamuthandize maganizo kutauni, ndipo sabwerako msanga.

Chimwalirireni bambo, chibangili cha mng'ono wanga Mwatitha chinayamba kufiira. Amayi anayesa zonse. Ankamukazingira zitumbuwa, ankatiimbitsa nyimbo za kwaya, mpaka anabisa jekete la bambo. Osatheka.

"Mwana wanga sapita kwa anthu achilendo," anatero amayi, n'kutembenukira kwa ine. "Iwe, bweretsa mkono kuno. Si paja ukuyenda m'malere ndi Ganizani wako uja?"

Sananame. Chimalizireni Folomu 4 ndinkangolota za iye, ndipo masiku ankandichedwera. Amayi anamuvula Mwatitha chibangilicho n'kundiveka ine pamwamba pa chigongono, bulauzi n'kuchiphimba. Nditangokumbukira kasekedwe ka Ganizani, chinabiriwira pompo.

Alangizi atabwera anaima pabwalo akuyang'ana foni.

"Mwana wachira, mayi. Mwagwira ntchito."

Amayi anathokoza atagwada, alangizi n'kumapita.

Mwatitha ndinakamupeza kuseri kwa khola akukumba dothi ndi kamtengo, chitumbuwa chake nyerere zitachiunjirira.

"Achemwali, abwera kudzanditenga?"

"Ayi, usaope. Sabweranso."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso ali gwa, opanda msozi.

"Ndimafuna ndikawauze zinazake."

"Undiuze ine, iwe. Zinthu zanji?"

Anapukusa mutu n'kupitiriza kukumba.