Nkhuku ya Mfumukazi

"Ndabwela kudzalembetsa amuna anga," anatelo Consolata atagwada, nkhuku ili m'manja. Nkhani yaikulu chotele sakanaibwelela chimanjamanja.

A Wiseman, kalaliki womasulila mzungu wa boma la Chitaganya, anayang'ana mwamunayo, Vitalis, amene anatsamila ndodo. Mwendo wake wina unatsala kumgodi.

"Kulembetsa chiyani, amai?"

"Mailo pamsonkhano wa pa Kacholola munati ku Mangalande Mfumukazi imachiza odwala ulele, olumala imawadyetsa mpaka imfa. Munatinso tonse ndife ana ake. A chipani cha Kongilesi anati ndi bodza, ine ndinawatsutsa pamaso pa anthu."

"Si bodza, amai. Zimachitikadi."

"Ndiye lembani."

"Zimachitika komweko, ku Mangalande."

"Nanga munatiuzilanji?"

"Kuti mudziwe kuti amene akutilamulila ndi anthu achifundo."

Consolata sanalile, sanakalipe. Anadzuka n'kusansa fumbi m'mawondo. Vitalis anali atayamba kale kutsimphina kulowela kumsewu.

"Amai!" anaitana a Wiseman.

Consolata anacheuka.

"Nkhukuyo siyani. Bwana akondwa kumva kuti uthenga unakufikani pamtima."

Anaiika pansi, miyendo yonse iwili ili chimangile, n'kutsatila mwamuna wake.