Malaya a Loweruka

Kalatayo inafika Lachisanu madzulo, banja lonse lili pakhonde kumwa tiyi. Anaipeza ndi mkamwini itapanikizidwa pageti. Pa envulopu panalembedwa kuti: Kwa mtsogoleri wa gulu la masikauti la pasukulu ya kutsidya.

"Yanu iyi, apongozi," anatero mkamwiniyo, akuipereka ndi manja awiri.

A Sikauti, monga dera lonse linkawatchulira, anali akufufuzabe magalasi pamene mwana wawo wamkazi anang'amba envulopuyo. Anawerenga mokweza ngati ali pa wailesi. Likulu la masikauti linali kuthokoza akuluakulu amene amaphunzitsa ana popanda malipiro. Mawa lomwelo, muholo ya pasukulupo, mtsogoleriyo akalandira mendulo.

"Tamverani apa, ababa. 'Pa zaka zitatu zapitazi simunajombe Loweruka ngakhale limodzi, ndipo gulu lakula kuchoka pa ana khumi ndi awiri kufika makumi anayi.'"

A Sikauti anatsamwa ndi tiyi. Mkamwini anawasisita pamsana, akuseka kuti chimwemwe nacho chimapha. Akazi awo a Sikauti sanadzutse mutu. Anali kusoka batani pa malaya a khaki amene anali pamiyendo pawo, ndipo anangoluma ulusi n'kupitiriza.

Zoona zake zinali zakuti a Sikauti anali asanapondeko kusukuluko kwa zaka zitatu.

Anali atatsogolera gululo zaka makumi awiri. Ndiye tsiku lina kunabwera mnyamata wochokera kulikulu kudzayendera, nsapato zake zonyezimira. Anawapeza akuphunzitsa kumanga mfundo ya chingwe chopulumutsira munthu. Anawalanda chingwecho ana akuona, n'kunena kuti mamangidwe amenewo anatha kalekale. Ana anaseka. Si kuti anaseka kwambiri, koma a Sikauti anakumva kusekako mpaka m'mafupa.

Loweruka lotsatira anavala malaya awo, natsanzika, nakwera basi. Atafika pamphambano mtima unakana. Anatsikira pa shedi ya mnzawo wokonza njinga, napinda malayawo, nawaika m'jumbo. Tsiku lonse anakhala akumupatsira masipanala mnzawoyo. Anati sabata yamawa apita. Sabata yamawayo inabala zinzake.

Kunyumba kunali kosavuta kunamiza. Akazi awo nawo anali atalowa kwaya, ndipo Loweruka lililonse ankachoka iwo atangotuluka. Ankabwera mawu atasasa, fumbi mpaka m'mawondo.

"Kwaya yanuyi mumayimba ndi miyendo?" ankawaseka a Sikauti.

Ngakhale wezulo wawo atasowa pamsomali, sanavutike kumufunafuna. Akanamuimbira ndani?

Tsopano apa panali kalata. A Sikauti anaona bwinobwino chimene chinachitika: kulikulu sanafufute dzina lawo m'kaundula. Alipo munthu wina, kaya mphunzitsi kaya kholo, amene anatola gululo n'kulilera padzuwa zaka zitatu, ndipo mawa iwo akaimirira kutsogolo kukolola m'munda mwa eni. Ana makumi anayi akayang'anana n'kufunsana kuti agogo awa ndi ndani.

"Ine ndapempha kale kuntchito, tonse tipita," anatero mwana wawo, akudina foni. "Azakhali ndawauzanso. Akuti abwera ndi nthungululu zawo."

"Zithunzi ndijambula ndine," anawonjeza mkamwini. "Chimodzi tidzachipachike pabalaza, pamwamba pa wotchi."

A Sikauti anayang'ana m'kapu. Tiyi anali atazizira. Anaganiza zodwala mutu, koma mwana wawoyo anali namwino. Anaganiza za maliro a kutali, koma bodza la maliro limaitana maliro enieni.

M'mawa mwake anawapeza akazi awo kuchipinda chodyera, atayala bulangete patebulo, akusita malaya a khaki aja. Simbi inkayenda pang'onopang'ono kuzungulira mabatani. A Sikauti anaima pakhomo nthawi yaitali, akukanda chigongono chimene sichinkayabwa.

"Amayi ake, musavutike ndi kusita. Ine sindipita."

"Chifukwa?"

Anatseka chitseko kuti ana asamve, ndipo anaulula zonse: za mnyamata wa nsapato zonyezimira, za chingwe, za shedi ya njinga, za jumbo. Mawu ankatuluka movutikira ngati msomali wadzimbiri m'thabwa. Maso anali pansi.

"Mendulo imeneyi ili ndi mwini wake. Sindikumudziwa, koma ndilibe nkhope yokaima pamaso pake."

Akazi awo anaimika simbi.

"Wokonza njinga uja anandiuza sabata yoyamba yomwe," anatero mofatsa. "Ndinapita kusukuluko kuti ndikawauze ana azipita kwawo. Ndinawapeza pansi pa mtengo, aliyense ndi kachingwe kake m'manja, akukudikirani."

A Sikauti anadzutsa maso. Akazi awo ananyamula malayawo n'kuwakutumula. Anali aang'ono, opanikiza m'chiuno, osakwana ngakhale phewa limodzi la mwamuna wawo. Anawavala, natulutsa wezulo uja m'thumba, namukoleka m'khosi.

"Kasambeni mundiperekeze, abambo ake. Ana akufuna aone mwini wake wa mfundo imene ndimawaphunzitsa."